Pikapu Imene Inkalira M'matope Mokha

Kunali bambo wina amene ankakhala kutsidya kwa dambo lalikulu, kutali ndi msewu wa tala. Bamboyo anali ndi galimoto ya pikapu, yoyera, ya matola.

Senderani kuno amayi, sindikweza mawu, ana enawa angogona kumene. Ndifulumiranso, adokotala asanayambe kuyendera mabedi. Amayi aja amatigawira mawu m'mawa uliwonse atuluka dzulo, ndiye mwaloza ine. Ine mavesi sindidziwa ambiri. Koma kafanizo aka kokha ndikuuzeni.

Ndiye bambo uja. M'chilimwe galimoto zonse zinkafika kumudzi kwawoko. Maminibasi, malole, njinga zamoto, zonse. Koma mvula ikangoyamba, dambo lija linkasanduka phala. Minibasi ikafika m'mphepete inkangotembenuka. Lole ikayesa inkagona momwemo. Inkaoloka inali imodzi yokha, pikapu ya bambo uja.

Mukudziwa chifukwa chake? Inali ndi kandodo kachiwiri, kakang'ono, pambali pa giya. Madalaivala amati fowilo. Pa msewu wabwino sukakhudza n'komwe, matayala akumbuyo ndiwo amakankha, akutsogolo amangogubuduka. Koma ukafika m'matope umakakoka, ndiye matayala onse anayi amagwira ntchito limodzi. Galimoto n'kumakwawa ngati ng'ona mpaka kutsidya.

Odwala ankaoloka ndi iyeyo. Feteleza ankaoloka ndi iyeyo. Akwati, maliro, aphunzitsi, onse. Anthu n'kumati, galimoto iyi ndiye siidwala. Bambo uja mawuwo anamukomera, mpaka anakalembetsa kumbuyo ndi penti wofiira kuti YOSADWALA. Mwamva eti? Chitsulo chopangidwa ndi munthu, ati chosadwala.

Mkazi wake anali a Nankhoma. Anali ndi mwana mmodzi, Lonjezo, amene anabadwa movuta, mochita kung'amba. Tsono dzinja lina likupita kumapeto, a Nankhoma anaimanso. Kusikelo anawauziratu kuti mayi, ameneyu musayerekeze kuchirira kumudzi kapena pa kachipatala kakang'ono, mudzabwere kuchipatala chachikulu ku boma. Atawerenga miyezi anapeza kuti nthawi yawo idzakwana mvula ili pakati. Ndiye mukuona amayi, moyo wa mayiyo ndi wa mwana ali m'mimbayo unali pa kandodo kaja.

Tsiku lina akuchokera kusikelo komweko, a Nankhoma ali kutsogolo, anafika padambo. Matope anali akadalipo. Bambo uja anakoka kandodo. Galimoto itangoyenda pang'ono, pansi pa mapazi awo panayamba kumveka kho, kho, kho, kho. Ngati munthu akugogoda chitseko ali pansi pa galimoto.

A Nankhoma amvekere, "Bambo a Lonjezo, mwamva?"

"Ndamva chiyani?"

"Pansipa. Chinachake chikulira."

"Ndi makasu ali kumbuyoko."

"Makasu munatsitsa dzulo."

Bambo uja anangotambasula dzanja n'kukweza wailesi.

Atatuluka m'dambo anabweza kandodo kaja, phokoso lija n'kuti zii. Iye amvekere, "Mwaona? Yasiya yokha." A Nankhoma amvekere, "Sinasiye, mwaitseka pakamwa."

Koma musaganize kuti sanamve. Anamva bwinobwino. Dalaivala amamva galimoto yake ngati m'mene ife timamvera mpweya wa mwana ali kumsana. Masiku otsatira ankati akaoloka, kho, kho, kho. Akatuluka, zii. Akaoloka, kho, kho, kho. Mtima wake unkadziwa kuti pansipo pavuta.

Ku boma kunali makaniko wina, a Mkwapatira, munthu wachikulire wodziwa ntchito yake. Galaja yawo inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Vuto linali limodzi. Pansi pa mtengo womwewo ndi pamene madalaivala onse a matola ankakhala podikira anthu, atakhalira matayala akutha, akusewera bawo. Ndipo pakamwa pawo, iii, kuposa ife pachitsime. Galimoto ya munthu ikangotsokomola m'mawa, pofika masana msika wonse wadziwa.

Bambo uja anati chabwino, ndipita kwa a Mkwapatira. Koma tamverani zimene anachita asanapite. Anaitsuka. Anatunga madzi mitsuko ndi mitsuko, kuitsuka ndi sopo, kupukuta magalasi, matayala kuwapaka polishi wa nsapato. A Nankhoma amvekere, "Kodi mukupita nayo kuchipatala kapena kuukwati?"

Atafika pagalaja, asanazimitse n'komwe injini, mmodzi wa osewera bawo aja anaimirira n'kukuwa, "Eee, anthuni, bwerani mudzaone! Yosadwala yabwera kusikelo!" Wina amvekere, "Ndi malungo kapena yatsegula m'mimba, achimwene?" Kuseka kwake, mpaka kuombana m'manja.

Bambo uja mawu onse amene anakonza m'njira anathawa. A Mkwapatira anabwera akupukuta manja, amvekere, "Yatani, achimwene?"

"Aaa, palibe. Mungondisinthira oilo."

Anasintha oilo. Atamaliza anafunsa, "Nanga fowilo ili bwanji? Yagwira ntchito dzinja lonse imeneyi. Tiyeni kumchenga kuseri uku, mukakoke kandodoko ndimvetsere."

"Ili ngati yatsopano. Kwerani tiyende pa tala mumve nokha."

Pa tala, amayi! Pamene kandodo kaja sakakhudza! A Mkwapatira anakwera, anayenda mpaka kumapeto kwa msika n'kubwerera. Injini ikungoyimba. A Mkwapatira amvekere, "Apa ndiye sindikumva kanthu." Bambo uja anatsika akumwetulira, n'kuwayang'ana a bawo aja mmodzimmodzi.

Kunyumba mkazi wake anafunsa, "Anena chiyani a Mkwapatira?"

"Akuti sakumva kanthu."

Ndipo sananame, mukuona? Ndi zimene zimandipsetsa mtima. Sananame. Anangomuonetsa sing'anga mwendo wabwino, wa chilonda ataubisa m'chitenje.

Chilimwe chinafika. Dambo linauma gwa, fumbi lokhalokha. Kandodo kaja kanakhala osakhudzidwa miyezi yonseyo, ndiye phokoso lichokera kuti? Panalibe. Bambo uja anayamba kukhulupirira yekha kuti zinatha. Mpaka Lamulungu lina anaimirira m'tchalitchi nthawi ya maumboni, amvekere, "Abale, galimoto yanga inali ndi kavuto kakang'ono, koma ndinangokhala chete, Ambuye anandikonzera okha." Anthu m'manja phwaphwaphwa. A Nankhoma anangoweramitsa mutu, kuyang'ana mimba yawo imene inali itayamba kuoneka.

Mulungu amakonza, inde, ine sindikukana. Koma apa panalibe chakonzedwa. Chitsulo chodwala chija chinangogona chifukwa palibe anachidzutsa.

Ndiye kunabwera munthu wina womanga nyumba, kudzamupempha kuti akamutengere mchenga kumtsinje. Anapita, anadzaza. Potuluka, matayala akumbuyo anayamba kukumba. Anakoka kandodo. Amayi inu! Sikunalinso kugogoda kwaulemu kuja. Tsopano inali gwe, gwe, gwe, ndi kukukuta ngati chigayo chameza mwala. Mpando womwe unkanjenjemera. Mwini mchenga amvekere, "Kodi pansipo mwamangirirapo mbuzi?"

Munthu wanzeru akanatani? Boma silinasamuke. A Mkwapatira anali pomwepo pansi pa mango wawo. Msewu unali wouma, mkazi anali akadali ndi nthawi. Koma iye ayi. Anadikira anthu onse atapita kudimba, n'kukwawira pansi pa galimoto yekha. Anaona chitsulo chachitali chimene chimapititsa mphamvu ku matayala akutsogolo, anachigwedeza, chikuchita lendelende polumikizira pake. Mukudziwa anatani? Anatenga malegeni, mphira zija timamangira katundu panjinga, n'kukulunga polumikizira paja. Kukulunga, kukulunga, n'kumanga mfundo. Ati kuti chisamveke.

Kuti chisamveke! Osati kuti chichire, ayi. Kuti chisamveke.

Malegeni aja sanachedwe, ulendo woyamba womwe anaduka n'kutsala m'njira.

Kenako anayamba kunena kuti ndi anthu. Ati mnansi wake wina amene anali ndi ngolo ya ng'ombe amamuchitira nsanje, ndiye wamuponyera zinthu. Anasiya kumupatsa moni munthu wosalakwa. Anakatenga madzi opemphereredwa kwa mlaliki wina woyendayenda, n'kuwaza matayala onse anayi, ngakhale la sipeya. A Nankhoma amvekere, "Bambo a Lonjezo, madziwo mwawaza kunja, chikulira chili m'kati." Iye amvekere, "Inu za galimoto mukuzidziwira kuti? Munayamba mwagwirapo chiwongolero?" Iwo amvekere, "Chiwongolero ayi, koma makutu ndili nawo, ndipo amene adzagone kumbuyoko ndine."

Mitambo inayamba kusonkhana. Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri, anthu anadzala. Dambo linayamba kufewa. Tsopano panalibe kuthawa, kandodo kankayenera kukokedwa tsiku ndi tsiku, anthu ali odzaza kumbuyo. Ndiye tamverani nzeru imene anaipeza. Ankati akafika m'mphepete mwa dambo, ankaima, n'kutulutsa mutu pawindo, amvekere, "Amayi, pano ndi poopsa, tisaoloke ngati achikunja. Yambitsani kolasi!" Amayi n'kuyambitsa, abambo n'kulandira, m'manja, nthungululu. Iye n'kukoka kandodo nyimbo ili pakati. Gwe, gwe, gwe pansi, aleluya pamwamba. Nyimbo ikafuna kutha asanatuluke, ankaimba hutala kuti bwerezani.

Anthu n'kumati, koma dalaivala uyu ndi woopa Mulungu. Ena mpaka ankati asankhidwe kukhala mkulu wa mpingo. Abale inu, ine zimanditopetsa. Kutenga nyimbo ya Mulungu kuisandutsa chotsekera m'makutu!

Tsiku lina a Nankhoma ankapitanso kusikelo, mimba itakula, mapazi atatupa. Atatuluka kusikelo sanapite pamalo odikirira galimoto, anayenda pang'onopang'ono mpaka pagalaja. Anapeza mwamuna wawo akupopetsa tayala pomwepo. Anagwada pang'ono mwaulemu, amvekere, "A Mkwapatira, pepani ndalowa pa amuna. Galimotoyi imalira pansi akakoka fowilo. Yayamba kale."

Bawo inaima. Onse maso pa bambo uja.

Iye anaseka, kuseka kouma, amvekere, "Mukudziwa amayi akakhala chonchi. Amamva fungo la zinthu kulibe, amamva phokoso kulibe. Dzana amati ndiwo zikununkha palafini." A bawo aja anagwa nacho chiseko. Wina amvekere, "Alamu, musadandaule, wolira ali m'mimbamo, osati m'galimoto!" A Nankhoma anakokera mpango kumaso n'kukakhala pamthunzi.

A Mkwapatira okha sanaseke. Anamugwira mkono bambo uja n'kupita naye kuseri kwa galimoto, kumene ena sakanamva. Amvekere motsitsa mawu ngati m'mene ndikulankhuliramu, "Achimwene, pano tili awiri. Galimoto ndi yanu, sindingalowe pansi pake mwini wake akuti ili bwino. Koma chimene simunandionetse sindingachikonze. Lowani, mukoke kandodoko kamodzi kokha, muyende kuchoka apa kufika apo."

Bambo uja analowa. Analiza injini. Dzanja analiika pa kandodo. Linali pomwepo, amayi, pa kandodo penipeni! Kungokoka basi, phokoso limveke, anthu aseke tsiku limodzi, a Mkwapatira agwire ntchito yawo. Anakweza maso. Pagalasi anaona a bawo aja atasiya masewera, makosi atatalika ngati nkhanga, akudikira.

Anachotsa dzanja.

Amvekere, "Ndachedwa, anthu akundidikira kumsika. Ndidzabwera sabata yamawa."

A Mkwapatira amvekere, "Ine ndilipo, achimwene. Koma dambo silidziwa sabata yamawa."

Sabata yamawa ija inafika, iye osapita. Inanso, osapita. Ati ntchito yachuluka, ati galimoto ikagona pagalaja anthu aoloka bwanji, ati zimalira choncho zikakalamba koma sizithyoka. Anapangana kuti a Nankhoma apite kuchidikiro mwezi ukaoneka, akadikirire pafupi ndi chipatala. Iye mumtima amvekere, ulendo umodzi wokhawo ipirira, ndikamutula mayiyu ndiye ndikaonetsa.

Koma mwana sapangana ndi munthu, inu mukudziwa. Matenda anayamba mwezi usanaoneke. Unali m'mawa, mvula itagwa masiku angapo osakata. A Nankhoma anadzuka akuti msana, msana. Dzuwa lisanakwere n'komwe zinthu zinali zitavuta, magazi atayamba. Azakhali awo anathamanga, amayi ena awiri anabwera. Anayala matiresi kumbuyo kwa pikapu, anawagoneka, anafunditsa lona pamwamba kuti mvula isawanyowetse. Azakhali amvekere, "Apongozi, thamangitsani, izi sizodikira."

Anathamangitsa. Mpaka padambo anafika bwino.

Dambo tsiku limenelo silinali phala, linali nyanja ya matope. Bambo uja anaima m'mphepete. Panalibe woyambitsa kolasi. Kumbuyo kunkangomveka kubuula kwa mkazi wake ndi mvula pa lona. Anakoka kandodo.

Gwe. Gwe. Gwe. Phokosolo analimva lonse, popanda wailesi, popanda nyimbo. Galimoto inalowa, ikukwawa, ikunjenjemera thupi lonse. Iye akungoti chonde, chonde, lero lokha. Anadutsa pa mabango oyamba. Anadutsa pamene lole inagona chaka chatha. Anafika pakati penipeni, pamene matope amafika m'maondo.

Ndiye kunamveka phwaa! Ngati mfuti. Chitsulo chija chinathyoka polumikizira paja, n'kumenya pansi pa galimoto, mafuta akuda n'kuyamba kuyandama pamadzi. Matayala akutsogolo anaima. Akumbuyo anazungulira okha, kukumba, kukumba, galimoto n'kukhala pansi ngati ng'ombe yotopa.

Anaponda mafuta, ayi. Anabweza m'mbuyo, ayi. Anatsika, analowa m'matope, anakankha ndi phewa yekha, munthu mmodzi kukankha pikapu. Azakhali akukuwa, "Apongozi, chitani kanthu, mwanayu akutithera m'manja!"

Anatulutsa foni manja ali matope okhaokha, anaimbira a Mkwapatira. Anthu a midzi ya m'mphepete anali atayamba kale kusonkhana ndi maambulera awo. Ndipo pamaso pa onsewo bambo uja anakuwa, "A Mkwapatira, imalira! Imalira pansi ndikakoka fowilo! Yayamba chaka chatha!"

Mawu omwe aja. Amene akanawanena monong'ona kuseri kwa galimoto, dzuwa likuwala, anawanena mokuwa ali m'matope.

A Mkwapatira amvekere, "Ndamva, achimwene, ndikunyamuka. Koma chothyoka sindingachilumikize m'madzi. Pezani njira ina, mayiyo asadikire ine."

Njira ina inali ngolo ya mnansi uja, amene ankamunena kuti ndi mfiti. Munthuyo atangomva sanafunse kanthu, anamanga ng'ombe zake n'kubwera. Amuna anawanyamula a Nankhoma ndi matiresi omwe, matope m'chiuno, mpaka pangolo. Koma ng'ombe ndi ng'ombe, amayi. Zimayenda m'mene zimayendera. Ulendo umene pikapu ikanafika anthu asanamwe tiyi, anafika dzuwa litapendeka.

Madokotala anayesetsa. A Nankhoma anapulumuka, ngakhale anakhala nthawi yaitali asakutha kuimirira. Koma mwana uja... pepani, m'chipinda ngati chino sindifuna kutchula mawu ake. Sanapite naye kunyumba ali pamsana. Mukudziwa mwambo wake, wotere amakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda nyimbo. Bambo ake sanaloledwe ngakhale kutsatira. Anakhala pakhonde, matope a dzulo akadali m'miyendo, akuona amayi akudutsa kuseri kwa nyumba ndi kansalu.

Dikirani pang'ono, ndipume.

Mvula itakata anthu anaikoka pikapu ija ndi thirakitala mpaka ku boma. Inalowa pagalaja ili yamatope mpaka padenga, yosatsuka. A bawo aja anaiona. Palibe anaseka. Ena anavula zipewa. Mwaona? Anthu amene ankawaopa chaka chonse aja. Kuseka kwawo kunali kwa tsiku limodzi, ndipo nawonso anali anthu a mitima.

A Mkwapatira analowa pansi. Patapita kanthawi anatuluka ndi kachitsulo kothyoka, kakang'ono kokwana m'chikhatho. Anakaika m'dzanja la bambo uja, amvekere, "Kanayamba ndi aka. Kanauma, kanasowa girizi, kanadyeka. Tsiku lija munabwera mutaitsuka, ndikanakasintha inu mukudya chimanga chootcha apo. Tsopano kaphwanya ndi zinzake zomwe." Sanamukalipire. Anangofunsa, "Munkaopa chiyani, achimwene? Ntchito yanga ndi yomweyi."

Nanga bambo uja akanati chiyani?

Fanizo langa lathera pomwepo. Tsono tanthauzo lake ndi ili, ndinene msanga.

Galimoto ija ndi mtima wanga ndi wanu. Makaniko uja ndi Ambuye. A bawo aja ndi anthu amene timawaopa maso awo, apongozi, anzathu a kumpingo, oyandikana nawo nyumba.

Mtima wa munthu sulira pa tala, amayi. Kunyumba kukakhala ufa, ana akusewera, bambo akubwera nthawi yabwino, aliyense ndi Mkhristu wabwino. Umalira m'matope. Mwana akatentha thupi. Mankhwala akapanda kugwira. Pamenepo ndiye umamva gwe, gwe, gwe m'kati. Mantha. Mkwiyo. Kafunso kaja timaopa kukatchula, kakuti kodi Mulunguyo akundiona ine? Bwanji mwana wanga, osati ine?

Ndiye ife timatani? Timatsuka kunja. Timavala chitenje chabwino, timapita kwa Ambuye n'kumati zikomo Atate, zonse zili bwino, mungotisinthira oilo. Timawayendetsa pa tala. Mnzako akafunsa kuti mwadzuka bwanji, ati ndadzuka bwino, pamene sunagone, wakhala ukuwerenga mpweya wa mwana. Mtima ukafuna kulira timayambitsa kolasi kuti tisaumve. Kolasi si yoipa, ayi. Koma inapangidwa kuti titamande nayo, osati kuti tibisalemo. Ndatopa nazo ine zimenezi, ndatopa. Timanamiza ndani? Amene anapanga mtimawo sakudziwa kulira kwake?

Akudziwa. Koma ali ngati makaniko uja, salowa mokakamiza mwini wake akuti ndili bwino. Amangoima pambali n'kumati, mwana wanga, pano tili awiri, ndionetse.

Ngakhale kwa adokotala n'chimodzimodzi. Ngati mwana munamumwetsa zakumudzi musanabwere kuno, nenani. Akalipa, inde, akalipa pang'ono. Kukalipa sikupha mwana. Kubisa ndiye kumapha.

Ife tonse muno tili pakati pa dambo, palibe ali pa tala. Ine wanga ali apoyu, botolo lamadzi lili pamkono, kuyambira dzana sanayamwe. Ndikuopa, amayi. Ndikuopa kwambiri, ndipo sindikuuzani kuti ndili bwino. Koma chitsulo changa sichinathyoke, chikungolira. Chanunso sichinathyoke. Ndipo Makaniko wathu ali ndi kusiyana kumodzi ndi a Mkwapatira. Iye sakhala kutsidya, amalowa m'matope momwemo.

Ndiye tikamapemphera tsopano, musawauze Ambuye mawu okongola amene munamva kwa abusa. Auzeni pamene pakulira. Ngati mwakwiya nawo, nenani kuti Ambuye ndakwiya nanu. Ngati chikhulupiriro chatha, nenani kuti chatha. Sadabwa, ntchito yawo ndi yomweyi. Chilonda chobisa ndicho chimapha, choonetsa chimamangidwa.

Gwirani dzanja la mnzanu ali pafupiyo. Aliyense anene zake, chapansipansi. Amva.